Kuwoloka Dwambazi ndi Maliro a Abambo

Dziko lathuli ndinayamba kuliona lili pakhoma. Ndinali Sitandade 5 pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, pakati pa Dwangwa ndi Ngala, ndipo aphunzitsi athu anali atajambula okha mapu a Malawi pa saka la feteleza, atalitumbula n'kulikhomera ndi misomali pafupi ndi bolodi. Dzikolo linatuluka lalitali, lowonda, lokhotakhota ngati chinangwa chomera pamiyala, nyanja itapakidwa inki m'mbali mwake. Aphunzitsiwo ankaloza ndi bango. Uku ndi Kumpoto, kwa mapiri ndi chisanu. Apa ndi Pakati, pa fodya, pamene pali likulu la dziko ndi ife tomwe. Uku ndi Kumwera, kwa tiyi, kumene mtsinje wa Shire umatulutsira madzi a nyanja yathu kupita nawo kwa eni. Tikatero tinkakuwa mayina a maboma kuyambira Chitipa mpaka Nsanje, ndipo wophonya bango lomwelo linkamupeza.

Ine bango silinkandipeza, ndisakunamizeni. Mayiko otizungulira ndinkawatchula nditatsinzina. Nthambi za boma nazo zinali pamlomo: opanga malamulo, oweruza milandu, ndi pulezidenti ndi nduna zake. Aphunzitsi anatiuza kuti boma limateteza munthu aliyense, makamaka ana, ndipo ine ndinameza mawuwo osatafuna. M'mutu mwanga boma linali ngati atsibweni a dziko lonse, odziwa kumene mwana aliyense wagona.

Phunziro limene linandisokoneza linali la mitundu ya anthu. Kalasi yathu inali ndi mitundu yambiri chifukwa cha minda ya nzimbe, imene inkakoka anthu kuchokera kulikonse. Aphunzitsi anati aliyense akweze mkono mtundu wake ukatchulidwa. Atonga anakweza, Ayao anakweza, Alomwe, Asena, Angoni. Atatchula Achewa ndinakweza wanga mpaka kudzuka pang'ono pa desiki. Mtsikana wina wolongolola, amene tinkakhala limodzi, anati, "Bodza, sala! Uyu bambo ake ndi Mtumbuka!" Aphunzitsi anaseka n'kunena kuti ndikweze manja onse awiri, kalasi yonse inafa nalo phwete.

Kunyumba ndinapeza amayi akusenda chinangwa choti akaviike. Ndinawafunsa kuti ine ndine wa mtundu wanji.

"Ndiwe wanga," anatero osadzutsa mutu. "Tambala timachita kubwereka, anapiye ndi a thadzi."

Abambo anali chapafupi akumata chubu cha njinga. Anamwetulira n'kunena kuti, "Kwathu sitinena choncho." Amayi anawaponyera khoko la chinangwa, onse n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Abambo anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Anabwera kunyanja ali mnyamata kudzagwira ntchito yotsegula ndi kutseka madzi m'ngalande za nzimbe, anakwatira amayi, n'kumanga nyumba pamudzi pa amayi monga amachitira mkamwini aliyense kwathu. Kwawo kunali kuseri kwa Mzuzu, m'boma la Mzimba, ndipo ine ndinali ndisanapondeko. Zaka zonsezo kunyanja sanaphunzire kusambira. Munthu wandevu zake ankalowa m'madzi kulekeza m'mawondo, ana n'kumawaseka. Kondowole, nsima yathu ya chinangwa, ankadya ngati akumwa mankhwala. Koma anthu ankawakonda, ndipo palibe ankawaona ngati mlendo.

Chaka chomwecho, nyengo ya mwera, anayamba kutsokomola. Anagonekedwa kuchipatala, ndipo pasanapite nthawi amayi anabwerera kunyumba akulira kuchokera kumsewu. Za imfayo sindinena zambiri. Ndinalira monga amalirira mwana, kulira n'kuiwala, n'kukumbukanso. Chimene sichinandisiye chinabwera tsiku lotsatira.

Abale a abambo anafika pa minibasi. Wotsogolera anali mkulu wawo wa abambo, amene amayi anandiuza kuti ndiziwatchula abambo aakulu: munthu wamtali, wa chijasi chakuda, woyankhula motsitsa ngati ali m'tchalitchi. Ananena kuti mtembo upita kwawo. Pamenepo panalibe mkangano, chifukwa ngakhale kwathu mkamwini akamwalira amakagona kwa makolo ake. Atatha kupepesana ndi akuluakulu anafunsa kuti mwana ali kuti. Anthu anandikankhira kutsogolo, ndinagwada, iwo n'kuika chikhatho chawo chachikulu pamutu panga. "Mwana withu," anatero m'chinenero chawo, kenako m'Chichewa chopinda lilime, "mwana wathu." Anatulutsa juzi yofiira m'jumbo n'kundipatsa. "Kwathu kukuzizira."

Ndinathokoza. Nditaivala, manja ake anapitirira zala zanga, m'munsi inafika m'mawondo. Inali juzi yoti mwana akulire momwemo.

Masana anandituma kukatunga madzi. Pobwera ndinadzera kuseri kwa khitchini, kumene amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, ankasadzula chigwada ndi mayi wina woyandikana nafe nyumba. Sanandione.

"Mwanayo asapite," ankatero amayi aakulu. "Akangowoloka naye Dwambazi, basi tamutaya."

"Angamutenge bwanji, mwana ali ndi eni ake?"

"Mwaiwala ng'ombe zija?"

Mayi uja anangoti, "Ii!" n'kugwira pakamwa. Ine ndinaima pomwepo kumvetsera, ndowa ili pamutu, madzi akundichuchira kumsana.

Ng'ombe zimenezo ndinkazimva m'nkhani. Pamene abambo ankakwatira amayi, abale awo anagula ng'ombe ziwiri n'kuzipereka kwa atsibweni, mchimwene wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba yathu. Kwathu ukwati sufuna ng'ombe. Mwamuna amabwera, amalima, amamanga, ndipo ana amakhala a kuchikazi. Choncho anthu anaziona ngati mphatso ya alendo aulemu, ndipo atsibweni, amene kuyambira kale ankalota ngolo, anazilandira ndi manja awiri osafunsa kuti zikutanthauzanji. Kapena ankadziwa koma anatsinzina dala. Mpaka lero ndimawakayikira. Kwa anthu a abambo ng'ombezo zinali malowolo, ndipo kumene ng'ombe zapita, ana amachokako. Zonsezi ndinazimvetsa bwino nditakula. Tsiku limenelo ndinangomva chinthu chimodzi: ndikapita kumaliro a abambo anga, amayi adzabwerera okha.

Ndinatula ndowa n'kukabisala m'munda wa chinangwa. Ndinkayesa kukumbukira mapu aja, kuti kuchokera ku Nkhotakota kukafika ku Mzimba n'kotalika bwanji. Pa saka panali ngati chikhatho chimodzi basi, koma abambo ankanena kuti ulendo wa kwawo umadya tsiku lathunthu.

Kumundako anandipeza ndi mtsikana wolongolola uja. Kalasi yathu inali itabwera ndi aphunzitsi kudzapepesa maliro, ndipo iye anatumidwa kudzandifuna. Ndinamuuza zimene ndinamva, poyesa andilimbitsa mtima. Iye ndiye anathira mafuta pamoto. Anati azakhali ake anapitako Kumpoto, akuti kulibe nyanja ngakhale pang'ono, usipa amauona wouma wokhawokha, ndipo m'mawa kumazizira mpaka zala zimakana kugwira khasu. Anatinso mwana wotengedwa choncho amaiwala Chichewa, moti mayi ake akadzabwera amangowayang'ana. Pa zonse zimene ananena, chomalizachi n'chimene chinandilowa m'mafupa.

Aphunzitsi akutsanzika ndinawatsatira mpaka kunjira. Ndinawafunsa ngati boma limalola kuti mwana alandidwe kwa mayi ake. Anandiyang'ana, anayang'ana alendo a chijasi aja atakhala pansi pa mango, n'kukanda kumutu. "Boma lilipo, mwana wanga, usaope," anatero. Poyankhulapo maso awo anali pa njinga yawo.

Chakumadzulo abale a amayi anatsekerana m'nyumba ya amayi aakulu, ine ndili pansi pa windo. Amayi aakulu anali atakonza kale nzeru: andikweze minibasi m'mamawa kupita kwa achibale athu ku Benga, alendo akafunsa auzidwe kuti mwana wadwala malungo.

"Zachibwana zimenezo," anatero atsibweni. Mawu awo anali aakulu, ozolowera kukuwira asodzi ali pakati pa nyanja. "Mwini mbumba ndine. Ndipita nawo konko, ndikawauza maso ndi maso kuti mwana uyu ndi wa kuno. Dziko lino lili ndi boma, si nthawi ya makolo ino."

"Boma munalifunsa pamene munkalandira ng'ombe?" anatero amayi aakulu. "Walira mvula walira matope, achimwene. Zili kuti lero ng'ombezo, tibweze?"

Ng'ombe ina inafa ndi matenda ine ndisanabadwe, inayo atsibweni anagulitsa chaka china cha njala.

Amayi anali asanayankhule. Mawu awo anali atasasa ndi kulira. "Mwana apita," anatero. "Bambo ake ndi amodzi. Ndikamubisa lero, mawa adzandifunsa kuti manda a bambo anga ali kuti, ndidzaloza chiyani?"

Ndinawakwiyira amayi tsiku limenelo, mkwiyo weniweni. Ndinkafuna andibise. Ndinkafuna Benga, malungo abodza, chilichonse. Atatuluka ndinawagwira chitenje n'kuwafunsa ngati tidzabwerere limodzi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kasambe, ulendo ndi wa m'mawa." Akanangoti eya, ngakhale monama, ndikanapumako.

M'mawa kunabwera lole ya kuntchito kwa abambo, nthambi zaziwisi zitasomekedwa kutsogolo. Bokosi analiika pakati, amayi ndi azimayi ena atakhala molizungulira, amuna m'mbali. Anzawo a abambo analipo ambiri, ndipo zinali ngati kalasi yathu ija yamera ndevu: wina Msena, ena Alomwe, Atonga angapo. Dalaivala anali Msilamu wa ku boma ku Nkhotakota, wa kofiya yoyera, amene asanalize injini anatambasula zikhatho n'kupemphera chamumtima. Nyimbo zinkayamba m'Chichewa n'kukathera m'Chitumbuka, ndipo palibe ankadabwa nazo.

Ine sindinkaimba. Chiyembekezo changa chonse chinali pa apolisi. Ndinkadziwa kuti kutsogolo kuli lodibuloko, ndipo mawu ndinali nditakonza kale: wapolisi akasuzumira ndidzaimirira n'kunena kuti anthu awa akufuna kundilanda kwa amayi anga. Lole inachepetsa liwiro. Wapolisi anayandikira, anaona nthambi zija, anaona bokosi. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, mnzake n'kukweza chitsulo chotchinga msewu. Sanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Mawu aja ndisanawatulutse, tinali titapita kale.

"Talowa Kumpoto," anatero mmodzi wa Atonga aja lole ikudutsa pa mlatho wa Dwambazi, mosangalala ngati munthu amene wamva fungo la ndiwo za kwawo. Ndinasuzumira pansi. Unali mtsinje wamba, wa bango ndi mchenga, azimayi akuchapa m'mbali. Pa mapu aphunzitsi analemba mzere wakuda wonenepa wolekanitsa zigawo, koma apa panalibe kanthu: mango omwewo, chinangwa chomwecho tsidya lino ndi tsidya ilo. Zimenezo zinandiopsa kwambiri. Ngati malire saoneka, ndani angadziwe kuti mwana wawoloka?

Maso anga anakakamira panyanja. Inali kudzanja lamanja, ikubisala kuseri kwa mitengo n'kutulukanso, ndipo ndinadziuza kuti bola ikuoneka sindinatayike. Akandisiya ndidzathawa, ndidzatsata gombe mpaka ndidzafike pa doko lathu, njala ikandipweteka ndidzapempha usipa kwa asodzi. Ndinkaloweza zizindikiro, tchalitchi cha njerwa, msika wa nsomba, mlatho wina wopapatiza. Titapitirira Chintheche tinalowa m'nkhalango ya mitengo ya mphira, yondandalikana mizeremizere, mkati muli mdima masanasana. Titatulukamo msewu unakhotera kumapiri, nyanja n'kutsalira kumbuyo. Ndinaimirira kuti ndiione komaliza, amayi n'kundikoka juzi kuopa ndingagwe. Pamenepo ndi pamene ndinalira, ndipo azimayi anandisisita msana poyesa ndikulira abambo.

Lole inakwera mapiri ikubuula. Makutu anatsekeka, mphepo inayamba kuluma, ndipo juzi ija, imene ndinkadana nayo, ndinaikokera mpaka m'mphuno. Mzuzu tinangodutsa. Kenako msewu wa phula unatha, tinalowa m'fumbi lofiira, zitunda zopanda chinangwa, minda ya chimanga chouma, anyamata akuweta ng'ombe zochuluka kuposa zonse zimene ndinaonapo chibadwire. Ng'ombe iliyonse ndinkaiyang'ana ngati mdani.

Pamudzi anatilandira ndi kulira kwakukulu. Ndisawanamizire anthu aja, sanatichitire chipongwe chilichonse. Anatipatsa mabulangete ndi madzi ofunda osamba, anatiphera nkhuku. Azakhali, mlongo wawo wa abambo, ankangondiyang'ana n'kumalira, akuloza mphumi yanga ndi makutu, kusonyeza anzawo kuti ndi m'bale wawo yemweyo. Anandichotsa pamphasa ya amayi n'kundikhazika pamiyendo pawo ngati khanda. Chikondi chimenecho n'chimene chinkandichititsa tsemwe. Munthu wankhanza umatha kumuthawa, nanga wokukonda umuthawa bwanji?

Abambo tinawaika m'manda tsiku lotsatira, pachitunda, pafupi ndi atate awo. Ndinaponya dothi monga anandiuzira. Pobwerera ndinadzera pamene panaima lole, pansi pa mtengo wa bulugama, kuti nditsimikize kuti ikadalipo. Dalaivala anali akupukuta magalasi, ndipo anandipatsa kachidutswa ka nzimbe.

M'mawa mwake, lole isananyamuke, akuluakulu anakhala pabwalo pafupi ndi khola, amuna pamipando, akazi pansi. Ine azakhali anandikhazika patsogolo pawo, manja awo ali pamapewa anga. Amayi anali mbali ina ya bwalo, atafunda chitenje kumutu.

Abambo aakulu anayankhula m'Chichewa kuti alendo amve. Anathokoza a kunyanja posunga m'bale wawo zaka zonsezi. Anathokoza a kuntchito chifukwa cha lole. Kenako, ndi mawu ofatsa omwewo, anati, "Za mwana sitichulutsa mawu. Ng'ombe zinapita, a kunyanja analandira. Mwana uyu wafika kwawo."

Atsibweni anaimirira. Munthu amene kwathu akakuwa agalu ankathawa, pamenepo mawu anawatuluka ang'onoang'ono. Ananena za mbumba, kuti kwathu mwana ndi wa mayi, kuti ng'ombe zija iwo ankayesa mphatso. Amuna a pamudzi anayang'anana, ena n'kuseka chapansipansi chifukwa chodabwa. Kwa iwo zinali zosamveka kuti munthu wamkulu angalandire ng'ombe pa ukwati osadziwa chimene walandira. Anzawo a abambo nawo anagawikana ali chikhalire. Msena uja ankagwedeza mutu kuvomereza, poti kwawonso amalowola. Alomwe aja ndi dalaivala ankapukusa mitu. Anthu a dziko limodzi, obwera pa lole imodzi, oimba nyimbo imodzi njira yonse, koma pa funso loti ine ndine wa yani aliyense anali ndi lamulo la kwawo.

"Ndiye tikaonana kukhoti," anatero atsibweni, thukuta lili pamphumi m'chisanu chonsecho.

"Khoti lilipo, ku boma," anayankha abambo aakulu. "Pitani, sitikukanizani. Likagamula tidzamva. Koma mwana adikira kuno." Anatembenukira kwa amayi. "Alamu, inu sitikukuthamangitsani. Malo a amuna anu alipo, munda ulipo. Mukafuna kukhala, khalani, ndinu athu. Mukafuna kupita, pitani ndi mtendere. Mwana yekha ndiye sakwera."

Nditakula anthu odziwa malamulo anandiuza kuti khoti mwina likanaima ndi amayi. Mwina. Koma khoti linali kutali, milandu imatenga nthawi yake, ndipo lole inali kunyamuka m'mawa womwewo.

Dalaivala analiza hutala. Anthu anayamba kutsanzikana. Atsibweni anapita kwa amayi, ndipo ndinawamva bwinobwino. "Tiye, mlongo wanga. Kwa eni kulibe mkuwe. Tikafika kwathu tikayamba za khoti, mwana tidzamutenga. Mpunga wako wacha kudambo, ukufuna mbalame zimalize?" Amayi anaimirira, anakuntha chitenje, n'kuyenda kulunjika ku lole. Sananditembenukire.

Ndinafuna kuthamanga koma manja a azakhali anandipana mapewa, akundinong'oneza mawu okoma amene sindinkawamva. Ndinaona amayi akuponda tayala, wina akuwakoka dzanja, akukwera. Ndinamva chinthu chofunda chikutsika m'miyendo mwanga, ndipo ndinadziwa kuti ndadzikodzera, mtsikana wamkulu wa Sitandade 5, pamaso pa anthu onsewo. Manyazi sanandigwire n'komwe, poti mantha anali atatenga malo onse.

Injini inalira. Amayi anawerama pakati pa anthu, kwa kanthawi sindinawaone. Kenako chikwama chawo chinatulukira pamwamba pa lole n'kugwera pansi, phi! Chinatsatira chimtolo cha zovala zanga. Kenako iwo eni, akutsika chafutambuyo, phazi likufufuza tayala.

"Iwe, wapenga?" anakuwa atsibweni, mawu awo aakulu aja atabwerera tsopano. "Nyumba yako? Mpunga?"

"Mukakolole," anatero amayi. "Munalandira ng'ombe, landiraninso mpunga."

Dalaivala anasuzumira pawindo n'kuwafunsa amayi ngati atsimikiza. Amayi anangokweza dzanja. "Allah akusungeni, mayi," anatero, lole n'kunyamuka. Tinaiyang'ana mpaka fumbi litakhazikika. M'menemo munapita aliyense woyankhula ngati ife.

Azakhali anandimasula. Ndinathamanga n'kukawakumbatira amayi m'chiuno, koma iwo sanali munthu wa zokumbatirana. Anayang'ana diresi langa lonyowa n'kunena kuti, "Taona zimene wachitazi. Tiye ukasambe." Sindinkadziwa tsiku limenelo kuti mayi wobadwira pamchenga, amene anali asanagonepo kutali ndi phokoso la mafunde, adzakhala pachitunda chimenecho mpaka ine nditamaliza sukulu, akulima chimanga ndi zala zong'aluka ndi chisanu. Khoti la atsibweni lija silinachitike.

Amayi anatola ndowa imene inali pakhonde, dzanja linalo n'kugwira langa. Tinayenda pang'ono n'kuima, chifukwa njira zinali zingapo ndipo sitinkadziwa yopita kuchitsime. Azimayi a pamudzi anali chapatali, akutiyang'ana.

Amayi anawerama n'kundifunsa motsitsa mawu, "Abambo ako anakuphunzitsako chinenero chawochi? Tifunsa bwanji?"

Ndinapukusa mutu.

Anapumira m'mwamba, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kukweza ndowa ija kuti azimayiwo aione.